GEORG SIMON OHM, MPHUNZITSI AMENE ANAYESA MAGETSI (1789–1854)

Pa 16 March chaka cha 1789, mumzinda wa Erlangen m'dziko la Germany, m'nyumba ya mmisiri wosula maloko ndi makiyi, munabadwa mwana wamwamuna amene anamutcha Georg Simon Ohm. Munthu ameneyu sanalamulire dziko, sanatsogolere nkhondo, ndipo sanaponde konse nthaka ya Africa. Zaka zambiri za moyo wake anali mphunzitsi wa sukulu wa malipiro ochepa. Koma lero lino mmisiri ali yense wokonza mawailesi pa msika wa Petauke, ndi mnyamata ali yense woika sola pa denga la nyumba ku Nyimba, amagwira ntchito ndi lamulo limene mphunzitsi ameneyu analipeza, kaya akumdziwa mwini wake kaya sakumdziwa. Chifukwa chake tayesa chabwino kuika mbiri yake m'buku la chaka chino, pamodzi ndi lamulo lenilenilo, kuti owerenga athu alidziwe ndi kutchinjiriza nalo nyumba zao.

UBWANA WAKE

Atate wake, Johann Wolfgang Ohm, sanafike ku sukulu zapamwamba, koma anali munthu wa njala ya nzeru. Pakati pa ntchito yake yosula ndi kupala zitsulo anadziphunzitsa yekha masamu ndi nzeru za chilengedwe, kufikira anazidziwa koposa ambiri amene anakhala pa mabenchi a sukulu. Amai wake, Maria Elizabeth Beck, anali mwana wa telala. Banjalo linali la Chiprotestanti. Anabala ana 7, koma pakuti masiku amenewo imfa inali kutenga ana ambiri, monga inali kuchitiranso kwathu kuno, atatu okha ndiwo anakula: Georg, mng'ono wake Martin, ndi mlongo wao Elizabeth Barbara. Amaiwo anamwalira m'chaka cha 1799, Georg ali ndi zaka 10.

Pamenepo wosula maloko uja anatsala yekha ndi ana, natsimikiza mtima kuwapatsa chuma chimene anali nacho, ndicho nzeru za m'mutu ndi luso la m'manja. Georg analowa sukulu ya mumzindamo ali ndi zaka 11, natulukamo ali ndi zaka 15. Koma kumeneko ana anali kungoloweza mau pamtima, ndipo za masamu ndi za chilengedwe anaphunzirako pang'ono. Sukulu yake yeniyeni inali kunyumba, pa mapazi a atate wake. Mphunzitsi wamkulu wa masamu pa univesite ya Erlangen, dzina lake Langsdorf, poona nzeru za anyamatawo anazizwa, nawafanizira ndi abale a banja la Bernoulli la ku Switzerland, limene linatchuka pa masamu mu Ulaya monse. Ndipo sanalakwe, pakuti Martin nayenso anadzakhala mphunzitsi wamkulu wa masamu ku Berlin.

KUSOCHERA NDI KUBWERERA

M'chaka cha 1805 Georg analowa univesite ya Erlangen, ndipo apa ndipo panaoneka kufooka kwake. Mnyamata amene anakulira pambali pa ng'anjo ya atate wake analawa ufulu, nayamba kutaya masiku ake pa magule, pa masewera otsetsereka pa madzi oundana, ndi pa thebulo la biliyadi. Atate wake, podziwa thukuta limene linagula maphunzirowo, anakwiya ndithu, ndipo patapita chaka chimodzi ndi theka anamchotsa pa univesite namtumiza ku Switzerland. Mu September 1806, ali ndi zaka 17 zokha, anayamba kuphunzitsa masamu pa kasukulu ka ku Gottstadt, pafupi ndi Nidau.

Chilangocho chinampindulira. Pokhala kutali ndi anzake a masewera, anabwerera ku mabuku. Langsdorf anamlangiza kuti awerenge yekha zolemba za akatswiri a masamu, ndiwo Euler, Laplace ndi Lacroix, ndipo anamvera. M'chaka cha 1809 anasamukira ku Neuchâtel kukaphunzitsa ana a m'nyumba, osaleka kuwerenga kwake. Mu April 1811 anabwerera kwao ku Erlangen, ndipo pa 25 October chaka chomwecho analandira digiri ya udokotala wa maphunziro. Makolo amene mwana wao wapatuka panjira angathe kutengapo chitonthozo, pakuti kulanga kochokera m'chikondi kunabweza mnyamata ameneyu.

Koma digiri siidyedwa. Ohm anayamba kuphunzitsa pa univesite yomweyo, koma malipiro anali ochepa kotero kuti anakhala mu umphawi. Mu January 1813 boma la Bavaria linamtumiza ku sukulu yosauka ya ku Bamberg, kumene sanapeze chimwemwe. Pofuna kuonetsa chimene angathe, analemba buku lophunzitsira masamu a mizere ndi ngodya, nalitumiza kwa mfumu ya Prussia. Bukulo linamtsegulira khomo, ndipo mu September 1817 anapatsidwa malo pa sukulu yakale ya Ajezuiti mumzinda wa Cologne. Kumeneko anapeza chinthu chimene sanakhale nacho kale, ndicho chipinda chodzaza ndi zipangizo zoyesera zinthu za chilengedwe. Anali mphunzitsi wakhama, ndipo mmodzi wa ana ake, Dirichlet, anadzakhala katswiri womveka wa masamu.

FUNSO LIMENE LINAMVUTA

Masiku amenewo magetsi anali chinthu chachilendo. M'chaka cha 1800 Alessandro Volta wa ku Italy anapanga batire loyamba, posanja timbale ta mkuwa ndi ta zinki, ndi zonyowa za madzi amchere pakati pake. M'chaka cha 1820 Oersted wa ku Denmark anaona kuti magetsi oyenda m'waya amapotoza singano ya kampasi yokhala pafupi. Anzeru ambiri anathamangira kusewera ndi zodabwitsazi, koma panalibe wodziwa kunena motsimikiza kuti magetsi oyenda m'waya ndi ochuluka bwanji, ndi chimene chimawachulukitsa kapena kuwachepetsa. Ohm anafuna yankho lolembedwa m'manambala.

Apa luso la atate wake linamthandiza, pakuti anatha kukonza yekha mawaya ndi zipangizo zake. Analendeweza singano ya maginito pa kachingwe kopyapyala pamwamba pa waya, ndipo kukula kwa kupotoka kwa singanoyo kunamuuza kuchuluka kwa magetsi oyenda. Koma mabatire a masiku amenewo anali kufooka msanga pakati pa ntchito, ndipo chifukwa cha ichi chiwerengero chimene anachisindikiza m'chaka cha 1825 sichinali choona. Ohm sanaumirire pa cholakwacho. Mkonzi wina wa magazini ya anzeru, Poggendorff, anamlangiza kuti asiye batire, natenge njira imene Seebeck anaipeza m'chaka cha 1821. Njirayo ndi iyi: polumikiza zitsulo ziwiri zosiyana m'malo awiri, ndi kutenthetsa malo amodzi, ena nakhala ozizira, magetsi amayamba kuyenda. Ohm anatenga mkuwa ndi chitsulo chotchedwa bismuth, naika cholumikizira chimodzi m'madzi owira ndi china m'madzi oundana. Pakuti madzi owira ndi madzi oundana sasintha kutentha kwao, magetsi ake anakhala okhazikika.

Tsono m'chiyambi cha 1826 anatenga mawaya 8 a mkuwa, ofanana kunenepa koma osiyana kutalika, nawayesa mmodzimmodzi, nalemba manambala, nabwereza tsiku lina, nabwerezanso. M'manambala amenewo lamulo linaonekera. Anapempha tchuthi cha chaka chimodzi, nalandira theka la malipiro ake, napita ku Berlin kumene kunali mng'ono wake. M'chaka cha 1827 anasindikiza buku lake lalikulu lofotokoza ndi masamu mayendedwe a magetsi m'waya. M'menemo anatsata njira imene Fourier wa ku France anafotokozera kuyenda kwa kutentha m'chitsulo.

LAMULO LAKE

Kuti timve lamuloli, tiganize za thanki la madzi loikidwa pa nsanja, longa amene aoneka pa mamishoni ndi pa zipatala, ndi paipi yotsika kunka ku mpopi. Pali zinthu zitatu. Choyamba ndi kukankha kwa madzi: nsanja ikakhala yaitali, madzi akankha kwambiri. Chachiwiri ndi kuchuluka kwa madzi otuluka pa mpopi. Chachitatu ndi kukaniza kwa paipi: paipi yaitali ndi yopapatiza ikaniza madzi, yaifupi ndi yotakata iwalola apite.

M'magetsi zili chimodzimodzi. Kukankha timakuyesa ndi mavolti, dzina lokumbutsa Volta. Kuchuluka kwa magetsi oyenda timakuyesa ndi maampeya, dzina lokumbutsa Ampère wa ku France. Kukaniza kwa waya timakuyesa ndi maohm. Chimene Ohm anapeza ndi ichi: ukawirikiza kukankha kawiri, magetsi oyenda awirikiza kawiri, ukawirikiza kukaniza kawiri, magetsi oyenda atsika kufika pa theka. Anapezanso kuti waya wautali akaniza kwambiri, waya wonenepa akaniza pang'ono, ndi kuti chitsulo chili chonse chili ndi kukaniza kwake. Mkuwa uli m'gulu la zitsulo zokaniza pang'ono zedi, ndipo ichi ndicho chifukwa chake maiko afunafuna mkuwa wa migodi ya Zambia.

Wodziwa ziwiri mwa zinthu zitatuzi angathe kupeza chachitatu:

Maohm ndiwo mavolti ogawa ndi maampeya.
Maampeya ndiwo mavolti ogawa ndi maohm.
Mavolti ndiwo maampeya ochulukitsa ndi maohm.

Pa lamuloli panaonjezedwa linzake. Pakati pa 1840 ndi 1841 James Joule wa ku England anayesa kutentha kumene magetsi amatulutsa m'waya, ndipo kuchokera pamenepo tidziwa kuwerenga mphamvu ya ntchito imene chipangizo chikudya. Mphamvuyi timaiyesa ndi mawati, dzina lokumbutsa James Watt wa makina a nthunzi:

Mawati ndiwo mavolti ochulukitsa ndi maampeya.

Lamulo la Ohm ligwira bwino pa mawaya a chitsulo pamene kutentha kwake sikusintha. Waya akatentha, kukaniza kwake kumakwera. Ndipo tinyale tamakono ta LED tili ndi machitidwe akeake. Koma pa mawaya a m'nyumba, ndi pa zipangizo zotenthetsa, lamuloli ndi mtsogoleri wokhulupirika.

KUKANIDWA

Ohm anayembekeza kuti buku lake lidzamtsegulira malo pa univesite, koma sizinatero. Anzeru ambiri a ku Germany masiku amenewo sanazolowere kufotokoza chilengedwe ndi masamu. Ena, otsata chiphunzitso cha Hegel, anakhulupirira kuti choonadi cha chilengedwe chipezeka ndi kulingalira kwakuya koposa ndi kuyesa mawaya. Mmodzi wa iwo, Georg Friedrich Pohl, analemba mau owawa onyoza bukulo, ndipo akulu a maphunziro ku Berlin sanamkomere mtima mwini wake. Ohm anapwetekedwa mtima, natula pansi ntchito yake ya ku Cologne m'chaka cha 1828. Potero anataya malo abwino amene anali nao, osalandira amene anawafuna. Kufikira chaka cha 1833 anakhala ku Berlin, akudya za maganyu a uphunzitsi, makamaka pa sukulu ya asilikali, munthu wa zaka zoposa 40 amene anapeza lamulo lalikulu koma wosowa pomangira moyo wake.

Tiyenera kunenanso kuti munthu wina anayandikira choonadi chomwechi kale. Henry Cavendish wa ku England, munthu wachuma ndi wamanyazi, anachipeza m'chaka cha 1781, poyesa magetsi ndi thupi lake lomwe, pakuti analibe singano yoyesera. Koma anabisa zolemba zake, ndipo sizinaoneke kufikira Maxwell anazisindikiza m'chaka cha 1879. Wachumayo anakwirira mphatso yake, ndipo sinathandize munthu m'masiku ake. Wosaukayo anaitulutsa poyera, nanyozedwa nayo, koma dziko linapindula. Chifukwa chake lamulolo litchedwa ndi dzina lake.

ULEMU WOCHEDWA

M'chaka cha 1833 Ohm analandira malo pa sukulu ya umisiri ya ku Nuremberg, ndipo pambuyo pake anakhala mkulu wa sukuluyo. Pang'onopang'ono anthu ena anayamba kuyesa zimene analemba. Fechner ku Leipzig anazitsimikiza m'chaka cha 1831; Lenz ku Russia ndi Wheatstone ku England anazigwiritsa ntchito; Pouillet ku France anafika pa lamulo lomwelo mwa njira yake. Potsiriza, m'chaka cha 1841, bungwe la Royal Society la ku London linampatsa mendulo ya Copley, ulemu wake woposa wonse, ndipo chaka chotsatira linamlandira akhale chiwalo chake. Alendo atamlemekeza, a kwao nawonso anatsegula maso. M'chaka cha 1849 anaitanidwa ku Munich, ndipo m'chaka cha 1852 anapatsidwa mpando wa uphunzitsi waukulu pa univesite ya kumeneko, chinthu chimene anachilakalaka moyo wake wonse. Anali ndi zaka 63, ndipo anakhalapo zaka ziwiri zokha. Anamwalira pa 6 July 1854, naikidwa m'manda akale a kumwera kwa mzinda wa Munich. Sanakwatire, ndipo sanasiye ana.

M'chaka cha 1881 msonkhano wa anzeru a magetsi a maiko ambiri unachitika ku Paris, ndipo unagwirizana kuti muyeso wa kukaniza utchedwe ohm. Chizindikiro chake ndi Ω, chilembo chotsiriza cha Chigriki chotchedwa omega, chimene owerenga buku la Chivumbulutso alidziwa kale dzina lake. Yang'anani pa kachipangizo koyesera magetsi ka mmisiri ali yense, mudzachipeza.

LAMULO LA OHM KWATHU KUNO

Tsono tibwere kwathu. Magetsi a ZESCO afika m'nyumba za pa Petauke ndi pa Nyimba ndi mavolti 230. Tiyese kuti simbi yositira zovala ikoka maampeya 5. Kukaniza kwake ndi 230 kugawa ndi 5, ndiwo maohm 46. Mphamvu yake ndi 230 kuchulukitsa ndi 5, ndiwo mawati 1,150. Yuniti imodzi imene mumagula ndiyo mawati 1,000 pa ola limodzi. Chotero simbi imeneyi ikayaka maola 2 osalekeza idya mayuniti 2.3. Mai wodziwa ichi adziwa kumene ndalama zake zikupita, pakuti zipangizo zotenthetsa, monga simbi, ketulo ndi chitofu, ndizo zidya mayuniti koposa nyale.

Pulagi wa mano atatu alembedwa maampeya 13. Kuchulukitsa 13 ndi 230 kupatsa mawati 2,990, ndipo ameneyo ndiye malire ake. Munthu akalumikiza ketulo ya mawati 2,000 ndi simbi ija ya mawati 1,150 pa chingwe chimodzi, zonse pamodzi ndi mawati 3,150. Kugawa ndi 230, apeza maampeya 13.7. Wapitirira malire, ndipo pulagi ayamba kutentha. M'kati mwa pulagi muli fyuzi, kawaya kochepa koikidwa dala kuti kaduke magetsi akachuluka. Iye amene aika msomali kapena chidutswa cha waya m'malo mwa fyuzi yoduka wachotsa mlonda pakhomo pake.

Koma ambiri a owerenga athu, ku midzi ya ku Minga, ku Merwe, ku Hofmeyr ndi m'mbali mwa Luangwa, akhala kutali ndi mapolo a magetsi, ndipo adalira sola ndi batire la mavolti 12. Ngakhale a m'tauni ambiri anagula sola m'chaka cha 2024, pamene chilala chinatsitsa madzi a Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri tsiku ndi tsiku. Anthu ayesa kuti mavolti 12 alibe choopsa, pakuti sagwedeza munthu powakhudza. Lamulo la Ohm litichenjeza kuti choopsa chake chili kwina. Chipangizo cha mawati 120 pa mavolti 230 chikoka pafupifupi theka la ampeya. Koma pa mavolti 12 chikoka 120 kugawa ndi 12, ndiwo maampeya 10. Kukankha kukachepa, magetsi oyenda ayenera kuchuluka kuti agwire ntchito yomweyo.

Tiyese kuti chipangizocho chili mamita 6 kuchokera pa batire. Magetsi apita ndi kubwerera, chotero waya yense ndi mamita 12. Akakhala waya woonda wa mkuwa, amene amisiri amutcha wa milimita 1, kukaniza kwake kudzakhala pafupifupi maohm 0.2. Maampeya 10 kuchulukitsa ndi 0.2 apatsa mavolti 2 otayika panjira. Chipangizo chilandira mavolti 10 okha, ndipo mawati 20 asanduka kutentha m'wayamo. Mwini nyumba adzanena kuti batire lake ndi loipa, pamene wolakwa ndi waya. Akaika waya wa mamilimita 4, kukaniza kutsika kufika pa maohm 0.05, ndipo ataya theka la volti ndi mawati 5 okha. Chifukwa chake pa sola waya akhale wamfupi ndi wonenepa, ndipo polumikiza pamangidwe zolimba, pakuti cholumikizira chongopotapota ndi chadzimbiri chikaniza magetsi, nichitentha.

Choopsa choposa ndi ichi. Khoswe akatafuna chikopa cha waya woonda uja kumapeto kwake, mawaya awiri nakhudzana, palibenso chokaniza koma waya yekha. Mavolti 12 kugawa ndi maohm 0.2 apatsa maampeya pafupifupi 60, ndipo mawati oposa 700 atenthetsa wayayo kufikira chikopa chake chisungunuka. Waya wotere akadutsa pansi pa denga la udzu m'mwezi wa October, nyumba ndi nkhokwe zingathe kupsa ana ali m'tulo. Mankhwala ake ndi otsika mtengo: fyuzi yoikidwa pafupi ndi batire.

Lamulo lomweli lifotokoza chifukwa chake magetsi ayenda ulendo wautali ndi mavolti ambirimbiri, monga pa mzere wa mavolti 330,000 wochokera ku Pensulo, pafupi ndi Serenje, wodzera ku Msoro kufika ku Chipata. Kukweza mavolti ka 10 kuchepetsa maampeya ka 10, ndipo kutentha kotayika m'mawaya kuchepa ka 100. Pafupi ndi nyumba zathu thiransifoma iwatsitsa kufika pa 230. Ndipo lifotokozanso chifukwa chake madzi ndi magetsi ndi adani. Khungu louma likaniza magetsi kwambiri, koma thupi lonyowa, loima chopanda nsapato pa nthaka yonyowa, lingathe kutsika kufika pa maohm 1,000. Mavolti 230 kugawa ndi 1,000 apatsa maampeya 0.23. Nambalayi ioneka yaing'ono, koma ikwanira kuimitsa mtima wa munthu. Musakhudze switchi ndi manja onyowa, musayanike zovala pa waya wa magetsi, ndipo uzani ana asayandikire waya wogwa pansi nyengo ya mvula.

CHIMENE TIPHUNZIRAPO

Ohm sanapange lamulo limeneli. Analipeza lili kale m'mkuwa, loikidwa ndi Mlengi amene sachita zinthu mosokoneza. Linali loona tsiku limene anzeru a ku Berlin analinyoza, monga momwe linalili tsiku limene a ku London analilemekeza. Ligwira m'nyumba ya wachuma ndi m'nyumba ya wosauka chimodzimodzi, ndipo silikondera nkhope ya munthu. Malembo atiphunzitsa kuti Mulungu akonda miyeso yolungama. Chotero mmisiri wachikristu amene alandira ndalama za waya wonenepa naika woonda wachimwira mnzake, ndipo bodza lake lidzaululika, pakuti waya sadziwa kunama.

Tikumbukirenso wosula maloko uja. Analibe chuma, ndipo mkazi wake anamsiya ndi ana aang'ono, koma anawaphunzitsa chimene anachidziwa, nalanga wosochera, osamtaya. Pakati pa owerenga athu alipo makolo otere, ndi aphunzitsi a sukulu za kumidzi amene agwira ntchito zaka zambiri popanda wowayamika. Ohm anadikira zaka 14 kuti buku lake lilemekezedwe, ndi zaka 25 kuti alandire mpando umene anaufuna. Ndipo m'zaka zonsezo sanaleke kuphunzitsa ana amene anaikidwa pamaso pake.

Chifukwa chake, inu owerenga, chitani chinthu chimodzi chaka chino. Tengani mwana wanu wa sukulu, muyang'ane naye manambala olembedwa kuseri kwa ketulo, pa batire, kapena pa pulagi, ndipo muwerenge pamodzi mavolti, maampeya ndi mawati a nyumba yanu. Mukapeza waya woonda kapena fyuzi yochotsedwa, itanani mmisiri wodziwa ntchito yake akonze msanga. Potero mudzasunga moyo ndi chuma zimene Mulungu wakusungitsani, ndipo khama la mphunzitsi wa ku Erlangen lidzabala zipatso pakhomo panu.